Lipoti la nkhani: kuyeza ndi kuthetsa ululu wa bambo wothyoka fupa la ntchafu m'chipinda cha ngozi

Lipotili ndalilembera anzanga ogwira ntchito m'zipinda za ngozi: anamwino, makilinikala ofesa, madokotala, ndi ophunzira amene amachezera nafe usiku. Likunena za bambo wa zaka 58 amene anafika pa chipatala china chachikulu cha boma atathyoka fupa la ntchafu pa ngozi ya pamsewu. Atafunsidwa koyamba anati ululu wawo ndi wapang'ono, pomwe unali wadzaoneni. Ndifotokoza mmene tinauyezera, mankhwala amene tinapereka ndi zifukwa zake, komanso zimene zinaonekera ululuwo utatsika. Bambowa anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, ndipo dzina lawo, mudzi wawo ndi chipatalacho sindizitchula.

Mmene anafikira

Ngoziyo inachitika cha m'ma 14:00. Bambowa anali pa njinga yakapalasa atanyamula matumba awiri a makala, ndipo njinga yamoto ya kabaza inawawomba chakumanzere pa mphambano ya pamsika. Anagwera pa phula, njinga ndi makala zili pamwamba pa mwendo. Sanakomoke. Anthu anawakweza pa pikiapu kupita nawo ku chipatala chaching'ono cha m'dera lawo. Kumeneko anabayidwa jakisoni wa diclofenac wa 75 mg pa thako, ndipo mwendo unamangidwa ndi chitenje ku thabwa limodzi lalifupi, loyambira pakati pa ntchafu kulekeza pa katumba. Ambulansi inali itapita ndi mayi wina woyembekezera, choncho anadikira. Kwa ife anafika 17:40, patatha maola atatu ndi mphindi 40, ndipo gawo lina la ulendowo linali la msewu wafumbi wa zigwembe.

Analibe matenda a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, sankamwa mankhwala aliwonse, ndipo panalibe mankhwala amene thupi lawo limadana nawo. Anadya nsima komaliza masana. Tinayerekeza kuti amalemera makilogalamu 60.

Ankalankhula bwinobwino, khosi silinkapweteka, ndipo mpweya unkalowa mbali zonse ziwiri za chifuwa. Ankapuma ka 24 pa mphindi, mosafika pansi. Okosijeni m'magazi anali 96%. Mtima unkagunda ka 118 pa mphindi, BP inali 104/68, manja ozizira pang'ono. Nzeru zawo zinali zonse, GCS (muyeso wa kutsitsimuka kwa munthu) inali 15 pa 15. Ntchafu yakumanzere inali yotupa kwambiri koma yopanda bala, mwendo utafupika n'kupindikira kunja. Pa phazi magazi ankagunda, zala ankazigwedeza, ndipo tikawakhudza ankamva. Chiuno chinali cholimba. Titakanikiza nthiti zam'munsi zakumanzere anatsinzina, ndipo mimba inali youmirira pang'ono paliponse. Sikani ya pabedi sinaonetse magazi m'mimba. Hb (muyeso wa kuchuluka kwa magazi) yoyamba inali 10.9.

Tinaika makanyula awiri aakulu, tinatenga magazi okayeza gulu lawo, n'kuyamba dripu ya Ringer's lactate. Tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, sitinapereke chifukwa maola atatu anali atadutsa kale, ndipo akaperekedwa mochedwa chotere sathandiza.

Pa fomu yolandirira odwala mabokosi onse anali odzazidwa kupatula limodzi, la ululu.

Kuyeza ululu

Pa bedi loyandikana panali mwana wopsa ndi phala amene ankalira mosalekeza, ndipo maso a aliyense anali kumeneko. Bambowa anali chete. Nditawafunsa mmene mwendo ukupwetekera anayankha kuti, "Pang'ono pokha, adokotala. Thandizani kaye mwanayo, ine ndidikira." Namwino anawafunsa mwa njira ya manambala, kuyambira 0 mpaka 10, ndipo iwo anaganiza kanthawi n'kunena kuti, "Aa, mwina 2."

Thupi lawo linkanena zina. Thukuta linali kamukamu pa mphumi ngakhale kunja kunali kozizira. Anagwira chitsulo cha machira mpaka mitsempha ya pa mkono kuonekera. Munthu akangogunda machirawo podutsa, iwo ankaleka kupuma, mano ali gwa, mpaka kugwedezekako kutatha. Minofu ya ntchafu inkakokana yokha, ndipo ikakokana nkhope yawo inkachita tsinya. Mwana wawo wamkazi, amene anali gadiyani, anandikokera pambali n'kundiuza kuti, "Adokotala, ababawa sadandaula. Chaka chatha anadzitema ndi nkhwangwa pa phazi, koma anamanga sanza n'kupitiriza ntchito mpaka madzulo."

Zizindikiro zimenezi pazokha sizikwana kuyezera ululu. Mtima ungathamange chifukwa cha kutaya magazi, thukuta lingabwere ndi mantha, ndipo pali anthu amene ali pa ululu waukulu koma BP ndi mtima zili m'malo mwake. Ntchito ya zizindikirozi ndi kutichenjeza kuti tifunsenso. Choncho tinatseka katani, tinapempha mwana wawo kuti akaime panja pang'ono, ndipo ndinakhala pa mpando kuti nkhope zathu zifanane msinkhu. Ndinati, "Bambo, zoti mungathe kupirira ndikuzidziwa. Chimene ndikufuna ndi kukula kwa ululuwo, kuti ndidziwe mlingo wa mankhwala oti ndikupatseni. Mwanayo akuthandizidwa ndi anzanga, simukumulanda kanthu." Kenako ndinawaonetsa dzanja. Nkhonya yofumbata ndiye kuti palibe ululu, chala chimodzi ndi wapang'ono, ndipo zala zonse zisanu ndi ululu woposa wina uliwonse umene anaumvapo chibadwire. Anayang'ana dzanja langa, n'kutukula zala zinayi. Nditafunsa za pamene mwendo wagwedezeka, anatambasula zonse zisanu.

Njira ya zala imeneyi, ya 0 mpaka 5, anzathu osamalira odwala matenda osachiritsika amaigwiritsa ntchito kwambiri muno mu Africa, ndipo ine ndimaona kuti kwa akuluakulu ambiri akumudzi imamveka msanga kuposa mzere wa manambala khumi. Chachikulu n'chakuti muyeso umene mwayamba nawo mupitirize nawo mpaka kumapeto, ndipo mulembe miyeso iwiri, wa pamene wodwala wangogona ndi wa pamene akusuntha. Pa fomu tinalemba kuti: 17:55, atagona 4/5, akasuntha 5/5, ululu wokukuta m'kati mwa ntchafu, woonjezeka minofu ikakokana. Titafunsa ngati pali pena pamene pakupweteka anati ayi, mwendo wokha.

Nditatchula morphine nkhope yawo inasintha. Mkulu wawo anamwalira ndi khansa, ndipo masabata ake omaliza ankamwa morphine wamadzi. Kwa iwo dzina limeneli linkatanthauza kuti achipatala ataya chiyembekezo. Anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti zafika poipa?" Ndinawafotokozera kuti mankhwalawa timapatsanso anthu othyoka mafupa ndi ochitidwa opaleshoni amene amachira n'kubwerera kwawo, kuti mkulu wawo anamwalira ndi khansa osati ndi mankhwalawo, komanso kuti tiwapatsa pang'onopang'ono namwino ali pambali pawo. Anavomera. Kukambirana konseku kunatenga mphindi zosakwana zisanu.

Chithandizo cha ululu

Choyamba anamwa panado wa 1 g ndi madzi ochepa. Diclofenac kapena brufen wina sitinaonjezere. Munthu wothyoka fupa la ntchafu angataye magazi okwana lita imodzi kapena imodzi ndi theka m'kati mwa ntchafumo popanda dontho looneka kunja, ndipo impso zimene zikulandira magazi ochepa zimavulala mosavuta ndi mankhwala a gulu limeneli.

Morphine anachedwa ndi zinthu ziwiri. Kiyi wa kabati ya mankhwala otetezedwa anali ndi namwino wamkulu amene anaperekeza wodwala wina ku fiyeta, ndipo panapita mphindi 15 kuti apezeke. Pa nthawi yomweyo dokotala wachinyamata wa mbali ya opaleshoni, atamva za mimba youmirira, anapempha kuti morphine adikire mpaka akuluakulu ake aione mimbayo, poopa kuti mankhwala angabise zizindikiro. Tinakambirana, ndipo tinagwirizana kuti aiyeze mimbayo pomwepo, alembe zimene wapeza, tipereke mankhwala, kenako adzaiyezenso patatha ola limodzi.

Botolo la morphine la 10 mg tinalisungunula ndi saline kufika 10 ml, kuti 1 ml iliyonse ikhale 1 mg. Mlingo wa munthu wamkulu ndi pafupifupi 0.1 mg pa kilogalamu, koma chifukwa BP inali yotsikirapo sitinaupereke wonse kamodzi. Tinkapereka 2 mg mu mtsempha, n'kudikira mphindi zisanu, n'kufunsa zala, n'kuwerenga kapumidwe ndi BP, kenako n'kuonjeza. Zili ngati mchere m'ndiwo: umathira pang'ono n'kulawa, chifukwa kuonjeza n'kosavuta koma kuchotsa sikutheka. Woyamba analowa 18:15. Pofika 18:35 anali atalandira 8 mg, ululu atagona unali 2/5, kupuma ka 18, BP 106/70. Dzanja lija linasiya chitsulo cha machira. Koma titangoyesa kumasula chitenje, ululu unabwerera pa 4/5.

Apa tinali ndi njira ziwiri zoti mwendo uwongoledwe ndi kujambulidwa. Ina inali ketamine wa mlingo wochepa, 0.1 mpaka 0.3 mg pa kilogalamu, wolowetsa pang'onopang'ono, amene satsitsa BP ndipo amapezeka pafupifupi m'chipatala chilichonse cha boma chifukwa ndi amene timagonetsera anthu ku fiyeta. Ina inali kuchititsa dzanzi mitsempha ya ululu ya m'ntchafu ndi jakisoni wa fascia iliaca. Tinasankha yachiwiriyi chifukwa mphamvu yake imakhala maola ambiri, ndipo tinkafuna kuti bambowa akhale maso kuti tiziona mimba ndi chifuwa chawo.

Tisanabaye tinalembanso mmene phazi likumvera ndi kugwedezekera. Tinajambula mzere kuchokera pa nsonga ya kutsogolo ya fupa la chiuno kufika pa kafupa kotukuka ka pa chinena, n'kuugawa patatu. Malo obaya ali sentimita imodzi pansi pa pamene gawo lakunja likumana ndi magawo awiri am'kati, ndipo tinayamba tamva kugunda kwa mtsempha waukulu wa magazi wa m'mphechepeche kuti titsimikize kuti tili kunja kwake. Ndi singano yobuntha nsonga, dzanja limamva kuboola kawiri pa zikuta zopyapyala zokuta minofu, koyamba fascia lata, kachiwiri fascia iliaca. Tinasakaniza 15 ml ya bupivacaine, mankhwala a dzanzi, wa 0.5% ndi 15 ml ya saline, zomwe zinatipatsa 30 ml ya 0.25%, kapena kuti 75 mg. Malire ake ndi 2 mg pa kilogalamu, amene kwa bambowa ndi 120 mg. Tinatsalira dala pansi pa malirewo chifukwa kulemera kwawo tinangoyerekeza, komanso mankhwala a mafuta othandizira munthu amene bupivacaine wamulowa m'magazi tinalibe. Pa 5 ml iliyonse tinkakoka kaye kuona ngati mulibe magazi, uku tikuwafunsa ngati akumva dzanzi pa milomo, kulira m'makutu kapena chizungulire. Jakisoniyo anatha 18:50.

Pofika 19:10 ululu atagona unali 0/5, akasuntha 1/5. Nthawi yomweyo anayamba kuwodzera, kupuma kunatsika kufika ka 10 pa mphindi, okosijeni 92%. Izi tinkaziyembekezera. Ululu umadzutsa munthu n'kumupumitsa, ndiye ukachotsedwa mwadzidzidzi morphine amene ali kale m'thupi amatsala yekha popanda chomutsutsa. Mu 2018 bungwe la Royal College of Emergency Medicine ku Britain lidachenjeza za zimenezi munthu wina atamwalira atalandira jakisoni yemweyu pamwamba pa mankhwala amphamvu a ululu, ndipo lidalangiza kuti wodwala aziyezedwa pa mphindi 5, 10, 15 ndi 30. Namwino sanachoke pa bedi. Tinawaika pa okosijeni, naloxone, mankhwala othetsa mphamvu ya morphine, ali wokokedwa kale mu sirinji. Akaitanidwa ankadzuka n'kuyankha bwino, choncho naloxone sitinamupereke, popeza akanachotsa mphamvu yonse ya morphine n'kubweza ululu wa malo ena. Patatha mphindi 20 kupuma kunabwerera pa 14.

Mwendo tinauwongola n'kuuika pa chitsulo cha Thomas, chogwira mwendo wothyoka kuti usagwedezeke, ndi zokokera za pa khungu, iwo akucheza ndi mwana wawo. Ekisire inaonetsa kuti fupa lathyoka mopingasa pakati pa ntchafu, zidutswa zitapitirirana.

Zimene zinaonekera ululu utatsika

Zinthu zitatu zinadziwika bwino pambuyo pake, ndipo zonse zinali zobisika pamene bambowa ankalimbana ndi mwendo.

Iwo eni, osafunsidwa, analoza m'nthiti zakumanzere n'kunena kuti, "Koma apa pakubaya ndikamapuma." Ekisire ya chifuwa inaonetsa nthiti ziwiri zothyoka, ya 8 ndi ya 9, popanda mpweya kapena magazi m'chifuwa. Nthiti zimenezi zili pamwamba pa kapamba, choncho tinabwereza sikani ya m'mimba, ndipo inalibe magazi. Dokotala wa opaleshoni uja atabwera kudzayezanso anapeza mimba yofewa paliponse. Kuumirira kwa poyamba kuja kunali kwa munthu amene wakunga thupi lonse chifukwa cha ululu.

Chachitatu chinali mtima. Ululu utafika pa 0, kugunda kwa mtima kunangotsika kuchoka pa 118 kufika pa 110. Pamenepo sitikanathanso kunena kuti mtima ukuthamanga chifukwa cha ululu. Hb yobwereza 21:00 inali 8.4, ntchafu itakulirako, ndipo analandira mapaketi awiri a magazi usiku womwewo. M'mawa mtima unali pa 88.

Ku wodi ndi zotsatira

Pa kalata yopita nayo ku wodi tinalemba nthawi imene jakisoni wa dzanzi anabayidwa, ndi chenjezo lakuti mphamvu yake idzatha pakati pa usiku. Tinalembera panado wa 1 g maola 6 aliwonse, morphine wakumwa wa 5 mg maola 4 aliwonse, wina wapadera ululu ukabuka, ndi bisacodyl wopewera kudzimbidwa. Tinapemphanso kuti ntchafu, katumba ndi phazi ziziyang'anidwa pafupipafupi, chifukwa dzanzi lingabise ululu wa minofu imene ikufinyika ndi kutupa. Dzanzilo linatha cha m'ma 03:00, ululu unakwera kufika 3/5, ndipo morphine wapadera anaubweza pa 1/5.

Creatinine, amene amakwera impso zikafooka, tsiku lotsatira anali 1.6 mg/dL, ndipo anabwerera pa 1.0 tsiku lachinayi. Kutaya magazi kokha kukanatha kuchita zimenezi, koma diclofenac uja sanathandize. Ankalimbikitsidwa kupuma mozama ndi kutsokomola atakumbatira pilo, ndipo chibayo sichinawagwire. Anaikidwa chitsulo cha m'kati mwa fupa tsiku la 9, anasiya morphine patatha masiku atatu chichitikire opaleshoni osamufunanso, ndipo anatuluka tsiku la 15 akuyendera ndodo. Atabwera ku kiliniki patatha masabata 6, fupa linali likulumikizana bwino.

Zokambirana

Namwino wa ku America, Margo McCaffery, adaphunzitsa mu 1968 kuti ululu ndi chimene mwini wake wanena kuti akumva. Mfundoyi ndi yoona ndipo ndimaiphunzitsa. Koma bambowa mawu awo oyamba anali akuti "pang'ono", ndipo tikanalemba 2 pa fomu n'kudutsa, palibe akanatidzudzula. Panali zinthu zinayi zowatsekera pakamwa: chisoni ndi mwana wolira uja, manyazi oonetsa kufooka pamaso pa mwana wawo wamkazi, muyeso wa manambala umene sunawamvekere, ndi mantha a morphine. Ambiri mwa abambo athu adakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo amayi adauzidwa kuti kubuula pobereka n'kuchititsa manyazi mtundu. Kupirira kumeneku ndimakulemekeza, kwawadutsitsa anthu m'zambiri. Koma m'chipinda cha ngozi kumatipatsa ife chifukwa chodutsira bedi la munthu wachete n'kupita kwa wolira. Mawu a wodwala amakhala muyeso wodalirika pokhapokha titamuchotsera zomulepheretsa kunena zoona, ndipo ntchito imeneyo ndi yathu.

Wofuula nayenso samapeza bwino. Mnyamata wa matenda a magazi a sickle cell amene amabwera kawirikawiri, akudziwa dzina la mankhwala amene amamuthandiza ndi mlingo wake, sachedwa kunenedwa kuti wazolowera jakisoni. Wachete timati alibe ululu, wofuula timati akukokomeza, ndipo onse awiri amagona osathandizidwa. Vuto lopereka mankhwala a ululu operewera m'zipinda za ngozi lidalembedwa ndi madokotala Wilson ndi Pendleton mu 1989 ku America, kumene mankhwala sasowa, zomwe zikusonyeza kuti gwero lake lili m'maganizo a ife ogwira ntchito, osati m'kabati mokha.

Njira zosankhira odwala zimene timagwiritsa ntchito zimauwerengera kale ululu. Mu ETAT, njira yosankhira ana odwala mwadzidzidzi imene idakulira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux isanafalitsidwe ndi WHO mu 2005, ululu waukulu ndi chimodzi mwa zizindikiro zopititsa mwana kutsogolo kwa mzere. Mu South African Triage Scale, munthu wamkulu wa ululu waukulu amaikidwa mu gulu la olenji, loyenera kuonedwa pasanathe mphindi 10. Malamulowa sagwira ntchito ngati bokosi la ululu lasiyidwa lopanda kanthu. Kwa ana aang'ono osatha kulankhula pali muyeso wa FLACC, woyang'ana nkhope, miyendo, kayendedwe ka thupi, kulira, ndi ngati mwanayo akutonthozeka, ndipo ana okulirapo angaloze pa zithunzi za nkhope.

Nkhawa ya dokotala wachinyamata uja idachokera kutali. Kwa zaka zambiri madokotala a opaleshoni ankaphunzitsidwa kuti morphine amabisa matenda a m'mimba. Bungwe la Cochrane litaunika kafukufuku wa akuluakulu odwala m'mimba mwadzidzidzi mu 2011, lidapeza kuti kupereka mankhwala amphamvu a ululu sikuonjezera kuphonya matenda kapena kulakwitsa chiganizo cha chithandizo. Odwala a m'kafukufukuyo sanali a ngozi za pamsewu, koma zimene tinaona pa bambowa zikuloza komweko. Munthu amene wakunga thupi lonse sayezeka mimba, ndipo ululu wa fupa lalikulu umaphimba wa nthiti. Chimene chimateteza wodwala ndi kumuyeza mobwerezabwereza, makamaka ndi manja a munthu mmodzimodzi.

Za pethidine, mankhwala ena amphamvu a ululu a gulu la morphine, ndinenepo mosabisa. M'zipatala zathu zambiri dzanja lidazolowera kulemba pethidine wa 100 mg pa thako, ndipo ine ndikufuna chizolowezi chimenechi chithe m'chipinda cha ngozi. Mphamvu yake imatha msanga kuposa ya morphine. Thupi likamuphwanya limatulutsa norpethidine, amene amaunjikana impso zikafooka ndipo angayambitse kukomoka kogwedezeka. Komanso jakisoni aliyense wa m'mnofu mwa munthu amene wataya magazi ndi wosadalirika: magazi sakuyenda bwino m'minofu, mankhwala amangokhala pamenepo, ife n'kuonjeza wina poganiza kuti woyamba sanagwire, ndiye dripu ikadzaza mitsempha onse amalowa nthawi imodzi. Kupereka mu mtsempha pang'onopang'ono kumafuna namwino woima pa bedi kwa mphindi 20, zimene n'zovuta usiku umene anamwino ali awiri pa odwala makumi atatu. Ndikudziwa kulemera kwake. Komabe namwino amene waima pamenepo ndi amene amaona kupuma kukutsika.

Makwerero atatu a WHO a mu 1986 adakonzedwera ululu wa khansa, woyamba ndi mankhwala ofooka n'kumakwera. Pa ngozi timayambira pamwamba n'kumatsika. Munthu wa 4/5 sayenera kuyamba wadikira kuti tione ngati panado agwira. Ndipo palibe mankhwala amodzi amene anathetsa ululu wa bambowa. Panado, morphine, jakisoni wa dzanzi ndi chitsulo chogwira mwendo, chilichonse chinachotsa gawo lake, ndipo chifukwa cha zimenezi morphine yense wa mu mtsempha anathera pa 8 mg. Jakisoni wa fascia iliaca, amene dokotala Dalens ndi anzake adamufotokoza mu 1989 pa ana, safuna makina a sikani, ndipo kilinikala ofesa angamuphunzire bwino poyang'aniridwa ndi anzathu ogonetsa odwala.

Kusowa kwa mankhwala n'koona. Lipoti la Lancet Commission la mu 2017 lidaonetsa kuti mwa matani 298.5 a morphine ndi mankhwala ofanana naye amene ankagawidwa pa dziko lonse pa chaka, matani 0.1 okha ndi amene ankafika ku mayiko osauka. Koma usiku umenewu morphine analipo, anali m'kabati pa mtunda wa mamita ochepa kuchokera pa bedi. Lamulo loti mankhwalawa azitsekeredwa ndi kulembedwa m'kaundula ndi anthu awiri ndi loyenera, ndipo sindikupempha kuti lifewetsedwe. Chofunika n'chakuti kiyi asamachoke m'chipindamo. Palinso china chimene ndachiona: tikamaopa kulemba morphine, kaundula amaonetsa kuti chipatala chimagwiritsa ntchito wochepa, a famase amaitanitsa wochepa ku Central Medical Stores Trust, ndipo tsiku limene tamufuna timapeza watha kapena wadutsa nthawi yake.

Titakambirana nkhaniyi pa msonkhano wa m'mawa tinagwirizana kuti wodwala asamachoke pa tebulo lolandirira bokosi la ululu lisanalembedwe, kuti ululu uziyezedwanso pakatha mphindi 15 mpaka 30 chiperekereni mankhwala a mu mtsempha, kuti kiyi wa kabati azikhala ndi namwino amene satuluka m'chipindamo pa shifiti imeneyo, ndiponso kuti naloxone azisungidwa pamodzi ndi morphine.

Gawo limene silinakonzeke ndi la maola atatu ndi mphindi 40 aja asanafike kwa ife, amene ndiwo anali owawa kwambiri pa ulendo wonse. Anzathu a m'zipatala zing'onozing'ono nthawi zambiri alibe morphine wa jakisoni kapena chitsulo cha Thomas, koma matabwa ndi zitenje zilipo. Thabwa la fupa la ntchafu liyenera kuyambira m'khwapa kufika kupitirira chidendene, lina lalifupi m'kati mwa mwendo, nsalu zofewa zitaikidwa pa mafupa otukuka, ndipo mwendo wovulalawo umangidwe pamodzi ndi wabwinowo. Thabwa lolekezera pakati pa ntchafu limakhala pamene pathyokapo n'kumapatekesa pa chigwembe chilichonse. Wodwalayo amwe panado, aikidwe kanyula ndi dripu, diclofenac asaperekedwe ngati pali chikayiko cha kutaya magazi, ndipo pa kalata yotumizira palembedwe nthawi ya ngozi, mankhwala amene aperekedwa ndi ola lake, komanso zala zimene wodwalayo anatukula asanakwere galimoto. Tapempha ofesi ya zaumoyo ya boma lathu kuti zimenezi zilowe m'maphunziro a chithandizo choyamba cha ovulala amene akukonzedwera ogwira ntchito m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo awiri mwa makilinikala ofesa athu a mafupa adzipereka kukaphunzitsa kamangidwe ka matabwa.